Ndinakana ganyu ya dashibodi ya Alfa Romeo, ndipo sindikupepesa

 A ku Msaka, a ku Chembe, a ku Malembo, ndi inu amene munathawira m'tauni koma mukamva kuti mwera wayamba mtima umabwerera pa mchenga. Lero ndalemba zambiri, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono sungani, muwerenge usiku.

Sabata yatha ndinaika pa status chithunzi cha dashibodi ili pa tebulo, yosendedwa ngati chinangwa. Mmodzi wa inu, dzina sinditchula koma akudzidziwa, anandilembera kuti, "Aise, ulendo wonse uja wa ku Johannesburg n'kukamata mapulasitiki basi?" Eya amwene, ndimamata mapulasitiki. Ndipo mwezi wathawu ndinakana ndalama chifukwa cha pulasitiki yomweyo, ndalama imene ikanathandiza bambo pa ukonde wawo umene unang'ambika pa miyala. Mpaka lero ena kunyumba sakundimvetsa. Ndiye ndati ndifotokoze kamodzi, aliyense aweruze yekha.

Galimoto yake inali Alfa Romeo GTV6, yofiira, ya 1983. Inu amene mumangodziwa Sienta ndi Probox, mverani pang'ono. Kampani ya Alfa Romeo inayamba mu 1910 mumzinda wa Milan ku Italy. Chizindikiro chake mbali ina kuli mtanda wofiira, mbali inayo kuli chinjoka chikumeza munthu. Kwathu galimoto yotere ikanaima pa msika, agogo ena akanayamba kupemphera. Enzo Ferrari, mwini dzina la Ferrari uja, asanayambe zake ankathamangitsa magalimoto a Alfa pa mipikisano. Mpikisano woyamba wa Formula One wa dziko lonse, mu 1950, anapambana Giuseppe Farina ali mu Alfa Romeo. Thupi la GTV6 anajambula ndi Giorgetto Giugiaro, yemwenso anajambula VW Golf yoyamba, ija kuno inakhalitsa ndi dzina loti Citi Golf. Injini yake ya V6 ndi ntchito ya Giuseppe Busso, ndipo ikalira pamsewu ngakhale munthu wosadziwa za magalimoto amatembenuka. Giyabokosi sili kutsogolo ayi, ili kumbuyo pamodzi ndi matayala akumbuyo, kuti kulemera kugawike bwino.

Chimene ambiri sadziwa n'choti magalimoto amenewa ankalumikizidwanso konkuno ku South Africa, ku fakitale ya ku Brits, mpaka pamene kampaniyo inachoka mu 1985. Konkuno anapanganso mtundu wapadera wa injini ya malita 3, pafupifupi 200 okha, oti akalimbane ndi BMW pa mipikisano ya ku Kyalami. N'chifukwa chake mpaka pano m'magalaja a madala ambiri kuno muli ma Alfa ofunditsidwa nsalu, ndipo pafupifupi iliyonse imene yandifika dashibodi yake imakhala yong'aluka.

Amene anabweretsa yofiirayi ndi munthu wogula ndi kugulitsa magalimoto akale. Sanalowe mu ofesi ya abwana, anandikokera ine pambali nthawi ya nkhomaliro. Anati ali ndi ganyu ya Loweruka ndi Lamlungu, kunyumba kwake, ndalama pamanja. Ming'alu inalipo itatu, iwiri yochokera pa timabowo totulutsira mpweya pansi pa galasi, wina wautali wodutsa mbali ya wokwera. Chimene ankafuna n'chophweka. Osamasula dashibodi, kungophimba galasi ndi nyuzipepala, kuthira filler ija timamatira zitseko zophwanyika, kukwecha, kupopera penti yakuda, n'kupaka polishi. Lolemba ajambule zithunzi, aike pa malonda.

Ndinamufunsa funso limodzi: "Bwana, wogulayo mudzamuuza kuti pamatidwa?" Anaseka. Anati wogula amagula zimene maso ake aona.

Kuti mumvetse chifukwa chimene ndinakanira, muyambe mwadziwa kuti dashibodi ya zaka zimenezo ndi chiyani. Si chipulasitiki chimodzi cholimba ngati beseni. Ili ndi magawo atatu. Pansi pali chigoba cholimba chimene chimamangidwa ku galimoto. Pamwamba pake pali siponji ya polyurethane. Kenako pali khungu lopyapyala la vinyl, lokhala ndi timakwinya tofanizira chikopa. Vinyl payokha ndi youma gwa, ndiye ku fakitale amasakanizamo mafuta ena ofewetsa. Mafuta amenewo sakhalamo mpaka kalekale. Galimoto ikaima padzuwa magalasi ali otseka, pamwamba pa dashibodi yakuda pamatentha kupitirira madigiri 70, ndipo mafuta aja amatuluka pang'onopang'ono. Kachifunga kamafuta kamene mumaona mkati mwa galasi lakutsogolo, kaja kovuta kupukuta, mbali ina ndi komweko. Zaka zikamapita khungu lija limauma ndi kufupika, pamene chigoba chapansi chili chomwecho. Masana likufutukuka, usiku likukokana. Tsiku lina limangoti ng'aa, ndipo limayambira pofooka, pangodya ya bowo la mpweya kapena pa timabowo ta sipika. Kuno ku Johannesburg zimafulumira chifukwa mzindawu uli pamwamba kwambiri, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, dzuwa lake limaluma ngakhale kukuzizira. Amene anapanga dashibodi imeneyi ku Milan sankaganiza za dzuwa lotere kwa zaka 40.

Tsopano taganizani. Chinthu chofewa, choyendayenda ndi kutentha, inu n'kuikamo filler youma ngati mwala. Mbali ina ikukoka, inayo yangoti nji. Chidzachitike n'chiyani? Ine sindikulota, ndinachitapo. Chaka changa choyamba kuno ndinamata Fiat 124 ya mayi wina mwa njira yomweyi, osati mwachinyengo koma mwaumbuli. Inatuluka yokongola moti ndinatumiza chithunzi kunyumba. Itatha miyezi inayi, nyengo yotentha itafika, mayiyo anabwera nayo. Ming'alu yonse inali itabwerera m'mbali mwa pamene ndinamata, ndipo ina inali itabereka ana. Sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Unadziwa kuti zidzatere?" Abwana anandiuza kuti ndibwereze ntchitoyo pa nthawi yanga, zipangizo andidule pa malipiro. Kuyambira tsiku limenelo ndimadziwa. Ndiye munthu wa GTV6 uja ankandipempha kuti ndichite dala chimene poyamba ndinachita mosadziwa.

Ntchito yeniyeni imayenda motere, ndipo masiku awiri sakwanira. Choyamba umachotsa waya wa batire, chifukwa kuseri kwa dashibodi kuli mawaya okalamba, ndipo kungogunditsa sipanala pamalo olakwika utsi umatuluka. Umachotsa chiwongolero, mawotchi onse, maswichi, ndi zingwe za hita. Waya uliwonse umaumanga katepi n'kulembapo dzina, komanso umajambula ndi foni usanazule. Amene amati ndikumbukira, ameneyo amadzalira. Pa magalimoto ena akale a ku Italy mawotchi amalembedwa m'chinenero chawo, Benzina, Olio, Acqua, ndiye Chitaliyana changa chonse n'chimenecho: petulo, oyilo, madzi. Manati ena anabisika pansi penipeni pa galasi, umawamasula utagona chagada miyendo ili pa mpando, fumbi la zaka 40 likugwera m'maso. Dashibodi ikamasuka mumainyamula awiri, mosamala ngati thireyi ya mazira, chifukwa kungoipinda pang'ono ming'alu yatsopano imabadwa m'manja mwanu.

Ikafika pa tebulo umayamba n'kuitsuka, osati kamodzi. Eni magalimoto amakonda kupopera mankhwala owalitsa aja okhala ndi silicone, chaka ndi chaka. Silicone akatsala ngakhale pang'ono, guluu sagwira, penti imathawa n'kusiya timaso ngati ta nsomba. Kenako umayang'ana mng'alu. Milomo yake imakhala itapindikira m'mwamba, youma ngati utaka umene waiwalika pa thandala. Milomo imeneyo siibwerera pansi, umaidula ndi lezala, n'kukulitsa mng'aluwo kuti ukhale ngati ngalande, wotambalala pamwamba, wopanikiza pansi. Apa mwini galimoto akakhalapo amagwira kumutu, amaona ngati ukuwononga. Kumapeto kwa mng'alu uliwonse umaboola kabowo kakang'ono kozungulira kuti usapitirire. Nditaona abwana akuchita zimenezi koyamba ndinaseka, chifukwa bambo amachita zomwezo ndi msomali wamoto chigubu chikayamba kung'aluka.

Siponji ya pansi pa mng'alu nthawi zambiri imakhala itafa, ukaikhudza imangoyoyoka ngati gaga. Umaikumba mpaka ufike pa yamoyo, n'kuthiramo yatsopano yofufuma, kudikira iume, kuidula kuti itsike pang'ono kusiyana ndi khungu. Pamwamba pake umaika kaukonde kolimbitsa, kenako filler yofewa, ija yopangidwira mabampala a pulasitiki, imene ikauma imapindika osathyoka. Umaika pang'onopang'ono, kangapo, osati chimulu kamodzi. Kukwecha umayamba ndi sandipepa yokhakhala ya 80, kenako 180, kumalizira 320, ndipo woweruza ndi chikhatho, osati diso. Ukatseka maso n'kuyendetsa dzanja, pamene pali chitunda pamadziulula pokha.

Apa ndiye pamene pamafunika kunena zoona. Umatenga chala chachikulu n'kudinikiza khungu lakale patali ndi mng'alu. Likabonyoka n'kubwerera, ndiye kuti likadali ndi moyo, ukhoza kupopera mankhwala obwezeretsa timakwinya tija, kenako penti ya vinyl yosawala, ntchito n'kukhala zaka. Koma likalira kuti tswa pansi pa chala, khungu lonselo linatha, ndipo kumata ming'alu itatu n'kungoitanira wachinayi. Pamenepo mankhwala ndi amodzi: kusalaza dashibodi yonse n'kuiveka khungu latsopano. Pali makina amene amatenthetsa chinsalu cha vinyl mpaka chifewe, n'kuchitsitsa pa dashibodi, kenako n'kuyamwa mpweya wonse wapansi pake. Chimakakamira ngodya iliyonse popanda msoko, monga mmene anachitira ku fakitale. Ife makina amenewo tilibe, timakonza kaye n'kutumiza kwa amene ali nawo. GTV6 yofiira ija nditaidinikiza inalira tswa. Ndinamuuza mwini wake pomwepo. Anati alibe sabata zitatu zodikira.

Njira zina zilipo, ndipo sizonse zimene ndimadana nazo. Pali chivindikiro cha pulasitiki chopangidwa molingana ndi dashibodi, chimene umangomata pamwamba ngati chipewa. N'chotchipa, ndipo aliyense wodziwa amachiona akangotsegula chitseko, ndiye sichinamiza munthu. Vuto lake n'loti m'mbali mwa mabowo a mpweya sichikhala bwino, komanso guluu wake amavutitsa amene adzafune kukonza zenizeni mtsogolo. Pali ena amaveka chikopa chenicheni, misoko yofiira, galimoto n'kumaoneka ngati sofa ya m'hotela. Ine zimenezo ayi. Chikopa nachonso chimafupika ndi dzuwa n'kuyamba kukoka m'mbali, misoko ija imaonekera mu galasi ukamayendetsa, ndipo Giugiaro sanajambule zimenezo. Pa chifukwa chomwecho sindikonda dashibodi yowala. Masana imasanduka kalilole mu galasi lakutsogolo, msewu osaoneka bwino. A ku Ferrari ankadziwa zimenezi, moti pa Dino ndi Daytona anaika kansalu kakuda kaubweya kamene okonda magalimotowa amakatcha ubweya wa mbewa. Eya, mbewa, pa galimoto ya mamiliyoni. Anyamata a ku Dedza akanadziwa, bizinesi ikanakula.

Palinso anthu amene amati mng'alu usiyeni, galimoto ya zaka 40 izioneka kuti ndi ya zaka 40. Amangoyala kansalu pamwamba kuti dzuwa lisaonjezere. Amenewa ndimawalemekeza kuposa onse, ngakhale sandipatsa ntchito.

Chimene ndimakana ndi chimodzi chokha, kumata kobisa kuti wina alipire mtengo wa chinthu chosang'aluka. Anzanga, inu mukudziwa mmene bambo amagulira bwato logwiritsidwapo kale ntchito. Sayang'ana penti. Amaligogoda ndi nkhonya kuchokera kumutu mpaka kumchira, akumvetsera. Akaona chigamba cha lata chokhomedwa poonekera sadandaula, amangofunsa kuti chinaikidwa liti, mtengo n'kutsitsako. Koma akapeza bwato lakale lopakidwa penti dzulo, phula likununkha, amati, "Lisiyeni m'madzi ligone, ndibwera mawa." Wogulitsa akayamba kuchita changu, bambo amatenga nkhafi yawo n'kumapita.

Ndikudziwa chimene ena mukunena, chifukwa mlongo wanga ananena kale pa foni. Bwato lobisa mng'alu limapha anthu pakati pa nyanja, koma dashibodi sinamizepo munthu. Ndi zoona, sindikutsutsa. Wogula GTV6 si wosauka, akapusitsidwa sagona ndi njala. Ndipo ganyu ndinaikana ine, koma inagwiridwabe ndi wina. Patatha masiku khumi galimoto ija ndinaiona pa Facebook, dashibodi ikuwala ngati nsapato ya mkwati, atalemba kuti ndi yoyambirira ndipo sinang'alukepo. Ndiye kukana kwanga sikunapulumutse aliyense. Wogula adzapusitsidwabe, wogulitsa wadya bwino, mnzanga womata walandira, ine ndi bambo ndi amene tatsala ndi ukonde wobooka. Usiku umenewo sindinagone bwino, ndisaname.

Komabe ndikaganiza mofatsa, sindikuona kuti ndinalakwa. Anthu a magalimoto akalewa ndi ochepa ndipo amadziwana onse. Amakumana Lamlungu m'mawa, amaimika magalimoto awo pamzere, amatsegulirana maboneti, amafunsana kuti mipando anakusokera ndani, dashibodi anakukonzera ndani. December akafika ming'alu ija n'kutuluka, wogulitsa uja sadzanena kuti ndinalamula ndine. Adzati anandipusitsa ndi mnyamata wa ku Malawi wa pa galaja paja. Ndipo sizidzathera pa ine. Kuno tikalakwa mmodzi amati Amalawi, monganso tikakhoza amati Amalawi ndi okhulupirika, mbiri imene inatipezera ntchito ambirife tisanatsegule n'komwe pakamwa. Amene anaimanga mbiri imeneyo ndi azigogo athu a nthawi ya Wenela ndi azimalume amene agwira m'nyumba ndi m'minda ya anthu kuno zaka zambirimbiri. Ine ndiigulitse pa ganyu ya masiku awiri?

Chinanso n'cha dzanja langa lomwe. Ntchito yamanja ili ndi khalidwe loipa, dzanja limaphunzira chilichonse chimene walizoloweza. Ndaona amisiri abwino amene anayamba ndi kamodzi kokha, lero sangathenso kudikira kuti filler iume. Inu amene mumasoka maukonde mukudziwa munthu amene mfundo zake zimamasuka, ndipo mukudziwa kuti sanabadwe choncho.

Tsono kwa amene anaseka za kumata mapulasitiki, ndili ndi mawu pang'ono. Kuno amisiri a ntchito imeneyi akutha. Ambiri ndi madala a imvi, ana awo ali pa kompyuta, ndipo achinyamata a m'magalaja amangodziwa kuchotsa chakale n'kuika chatsopano. Koma dashibodi ya galimoto ya 1983 sungapite pa shopu n'kukaitenga pa shelefu, ndipo ya pa galimoto yophwasulidwa nayonso inaotha dzuwa lomwelo. Pamafunika munthu woleza mtima, wa zala zomva, wosanyansidwa ndi guluu, wodziwa kuti chinthu chong'ambika chili ndi mankhwala. Mwana amene wakula akuthandiza kumata bwato, kusoka chilimira tsiku lonse pansi pa mtengo, kumasula kabuleta ya Yamaha pa chitenje choyala pa mchenga, theka la sukulu imeneyi anamaliza kale, kungoti palibe anamuuza. Sindikunena kuti nonse mukwere basi mubwere, moyo wa kuno uli ndi minga yake ndipo nkhani imeneyo ndidzalemba tsiku lina. Ndikungoti musamadzione ngati opanda luso chifukwa luso lanu limanunkha usipa. Ngakhale komweko, ndi galimoto zingati za ku Japan zimene zikuyenda pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay dashibodi zitang'aluka, eni ake atangoyalapo thaulo?

Dashibodi imene munaiona pa status ija ndi ya GTV6 ina, yasiliva, ya madala ena amene anaigula yatsopano ali mnyamata ndipo sanaigulitsepo. Atabwera nayo anandionetsa kabowo kopsa ndi ndudu pafupi ndi kabokosi ka mbali ya wokwera, n'kunena kuti kameneko anaotcha ndi malemu akazi awo pa ulendo wa ku Durban. Anafunsa ngati n'zotheka kukonza zonse koma kabowoko n'kukasiya. Khungu latsopano likavekedwa sizitheka, ndinawauza. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako tinagwirizana kuti ndidule kachidutswa kakhungu lakale pamene pali kabowopo, ndiwasungire. Ndinakadula bwinobwino ndi lezala, kali mu envulopu mu kabati ya abwana.

Yabwera dzulo kuchokera kovekedwa khungu, yakuda bii, yosawala, timakwinya tofanana ndi ta pa zitseko. Loweruka tikuibwezera m'galimoto. Mawaya onse ali ndi maina awo kupatula umodzi wa pinki umene katepi kake kanagwa, ndipo pa zithunzi zonse za mu foni yanga wabisala kuseri kwa anzake. Mundipempherere.

Amene ali pafupi ndi kunyumba awauze bambo kuti ya ukonde ndituma mwezi ukatha, ayambe asoka ndi ulusi umene ulipo.